Akaunti ndi kompyuta ndi ana a bere limodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko za mawu amene ndimakumana nawo pafupifupi tsiku lililonse pa masamba anu a nkhani zachuma, omwe ndi mawu oti akaunti. Timamva kuti munthu watsegula akaunti kubanki, kuti ndalama zalowa mu akaunti, kuti akaunti ya bungwe lina yatsekedwa, ndipo masiku ano ana athu amatiuzanso kuti ali ndi akaunti ya Facebook. Pa zonsezi, chithunzi chimene chimabwera m'mutu mwa munthu ndi cha kabokosi kotsekedwa ndi loko, momwe mwini wake amaikamo zake ndi kutengamo pamene wafunira. Ine ndinakhala zaka zambiri ndikusunga mabuku a ndalama, ndipo chithunzi chimenechi chimandidetsa nkhawa, chifukwa mawuwa kumene anachokera sankanena za malo osungiramo chinthu ayi. Ankanena za ntchito imene munthu amaigwira pamaso pa mnzake, ntchito yoyala poyera zimene analandira ndi zimene anatulutsa, mpaka onse awiri atakhutira kuti palibe chobisika. Ndikufuna kulondola mawuwa kubwerera kumene anabadwira, m'Chilatini, chinenero cha Aroma akale, kuti owerenga anu aone okha zimene tinataya powabwereka.

Ife tinawatenga mawuwa ku Chingerezi, ku mawu oti “account”, koma Angerezi nawonso anachita kubwereka. Mu 1066 William wa ku Normandy, chigawo cha ku France, atagonjetsa England, Chifalansa chinakhala chinenero cha kunyumba ya mfumu, cha m'makhoti ndi cha osunga chuma kwa zaka mazana angapo, ndipo m'nyengo imeneyo ndi momwe mneni wa Chifalansa chakale woti “aconter” analowera m'Chingerezi. Tsinde la mneniyu ndi “conter”, kuwerenga zinthu, ndipo “conter” ndi mneni wa Chilatini woti “computare” atatha kuperesedwa m'kamwa mwa anthu kwa mibadwo yambiri, monga momwe mwala wa mumtsinje umasalalira ndi madzi. Ndikhulupirira kuti wowerenga watcheru waona kale kuti “computare” akufanana ndi mawu ena amene tili nawo. Kompyuta ndi mneni yemweyu, kungoti anabwera podzera njira ya anthu ophunzira, amene anamutenga m'mabuku a Chilatini ali wathunthu, osaperesedwa. Choncho akaunti ndi kompyuta ndi ana a bere limodzi, wina anakulira kumsika ndipo wina anakulira kusukulu. Palinso mng'ono wawo amene sitimuganizira, kauntala, amene poyamba linali tebulo lowerengerapo ndalama, lomwe m'Chilatini cha m'zaka zapakati, zaka za pambuyo pa kugwa kwa ufumu wa Roma, linkatchedwa “computatorium”.

Mneni woti “computare” ali ndi zigawo ziwiri. Kachigawo koyamba, “com”, kamatanthauza pamodzi. Kachiwiri, “putare”, ndiye mwini nkhani, ndipo apa ndipempha kuti ndichedwepo pang'ono, chifukwa tanthauzo lake loyamba silikhudza manambala n'komwe. “Putare” kunali kutengulira mtengo, kusadza nthambi zouma ndi zosabereka, makamaka pa mpesa ndi pa mtengo wa azitona, kuti mtengowo uyere ndi kubereka bwino. Munthu wogwira ntchitoyi ankatchedwa “putator”. Mpaka lero alimi a ku Italy amati “potare” ndipo a ku Spain ndi ku Portugal amati “podar” akamanena za kutengulira mitengo, ndipo mawu a madokotala onena za kudula mkono kapena mwendo, amene anachokera ku “amputare”, ali ndi muzu womwewu. Nanga zinatheka bwanji kuti chikwanje cha m'munda wa mpesa chisanduke cholembera cha msungichuma? Aroma eni ake analifunsa funsoli. Marcus Terentius Varro, amene anabadwa mu 116 ndi kumwalira mu 27 Khristu asanabadwe, analemba mabuku ofotokoza chinenero cha Chilatini, ndipo m'menemo anati “putare” ndi kuyeretsa chinthu, kuti wotengulira amatchedwa choncho chifukwa amayeretsa mitengo, ndiponso kuti mawerengero a chuma amanenedwa ndi mneni yemweyu chifukwa powerengerapo chiwonkhetso chimatuluka choyera. Kwa ine amenewa ndi mafotokozedwe okoma koposa a ntchito imene ndinaigwira. Aliyense amene anakhalapo pansi ndi mulu wa malisiti amadziwa kuti ntchito yaikulu si kuphatikiza manambala, koma kusadza, kuchotsa zimene zalembedwa kawiri, kukana zimene zilibe umboni, kupatula ndalama zimene zabweradi ndi zimene zangolonjezedwa, mpaka patsale thunthu lokha loona.

Umboni wa kagwiritsidwe ntchito ka mawuwa ulipo kuyambira kale kwambiri. Cato wamkulu, Mroma amene anakhala ndi moyo kuyambira mu 234 mpaka mu 149 Khristu asanabadwe, analemba kabuku ka malangizo a ulimi, ndipo m'mutu wachiwiri akufotokoza zimene mwini munda ayenera kuchita akafika kumunda wake kuchokera kumzinda. Ayambe wazungulira munda wonse tsiku lomwelo ngati n'kotheka, ndipo m'mawa mwake aitane kapitawo ndi kumufunsa ntchito imene yagwirika ndi imene yatsala. Cato akudziwiratu ngakhale zifukwa zimene kapitawo adzapereke, zakuti akapolo anadwala, kuti nyengo sinali bwino, kuti ena anathawa, ndipo akulangiza mwini munda kuti amubwezere kapitawoyo ku chiwerengero cha masiku ndi cha antchito. Kenaka pakubwera mawu oti “rationes putare”, ndiko kuti kuyeretsa mawerengero a ndalama, a tirigu, a vinyo ndi a mafuta, kuona zimene zagulitsidwa, zimene zatoleredwa, zimene zikadali kwa angongole ndi zimene zatsala zoti zigulitsidwe. Sindikuyamikira umunthu wa Cato, amene minda yake inkalimidwa ndi akapolo ndipo ankawaona ngati ziwiya zakumunda. Chimene ndikuonetsa n'chakuti m'chithunzi chakale chimenechi muli anthu awiri, wina wofunsa ndi wina woyankha, ndipo mulibe bokosi losungiramo kanthu.

Kuchokera pa kuwerengera, “putare” anakula nafika potanthauza kuganiza, mwakuti Mroma akamati “puto” ankanena kuti ndikuganiza, kapena kuti ndikuyesa kuti zili chonchi. Ana ena a mneniyu anasunga fungo la m'buku la ngongole ngakhale atapita kutali. “Imputare” kunali kulemba kanthu pa dzina la munthu m'mawerengero, ndipo pambuyo pake kunasanduka kumusenzetsa mlandu. “Reputare” kunali kuwerengeranso kachiwiri, ndipo ndi kumene kunachokera mawu a Chingerezi onena za mbiri ya munthu, momwe anthu amamuwerengera. “Disputare” kunali kusanthula mawerengero chimodzichimodzi, ndipo poti anthu awiri akamasanthula ngongole sachedwa kusemphana, mawuwa anafika potanthauza kutsutsana.

M'mawu a Cato aja muli dzina lina limene sitingalilumphe, loti “ratio”. Dzinali ndilo limene Aroma ankagwiritsa ntchito kwambiri ponena chimene ife tikuchitcha akaunti. Linachokera ku mneni woti “reri”, kuwerengera kapena kuyesa, ndipo linali ndi matanthauzo ambiri: mawerengero a chuma, njira yochitira chinthu, chifukwa chake cha chinthu, ndiponso nzeru yolingalira imene imasiyanitsa munthu ndi nyama. Mawu a Chingerezi oti “reason” ndi a Chifalansa oti “raison” ndi dzina lomweli. Mwini banja wa ku Roma amene anali ndi chuma ankayamba walemba zolowa ndi zotuluka za tsiku ndi tsiku m'zolemba zosakhalitsa zotchedwa “adversaria”, kenaka n'kuzisamutsira m'buku lalikulu lotchedwa “codex accepti et expensi”, buku la zolandira ndi zolipira, limene linkaonetsedwa ngati umboni pa mlandu. Mkulu woyang'anira chuma cha mfumu ankatchedwa “a rationibus”, ndipo pa nthawi ya mfumu Claudius udindowu unali m'manja mwa Pallas, munthu amene kale anali kapolo. Wolemba mbiri wa ku Roma, Suetonius, analemba za mafumu atatu otsatizana, kuti Augustus ankalengeza poyera mawerengero a ufumu wonse, kuti Tiberius anasiya mwambowu, ndipo Caligula anauyambitsanso. Koma mawu amene ndikufuna owerenga awasunge ndi oti “rationem reddere”, kubwezera mawerengero kwa mwini wake. M'Baibulo la Chilatini, pa fanizo la kapitawo wosakhulupirika la pa Luka 16, mwini chuma akuti kwa kapitawo wake “redde rationem”, kumuuza kuti amuyalire zonse za ukapitawo wake. Mneni woti “reddere” ndi kubweza, ndipo munthu amabweza chinthu chimene si chake. Mroma ankamva m'chinenero chake kuti wosunga za mwini ali ndi ngongole ziwiri, ya chumacho ndi ya kufotokoza za chumacho.

Za zida zowerengera ndinene mwachidule. Manambala a Aroma, aja a zilembo monga V, X ndi C, anali ovuta kuchitira masamu papepala, choncho ankawerengera pa thabwa la mizere posuntha timiyala. Kamwala kotere kankatchedwa “calculus”, kuchokera ku “calx”, mwala wa njereza. Kakyuleta imene ana amapita nayo kusukulu inatenga dzina ku kamwala kameneka, chimodzimodzinso masamu apamwamba otchedwa “calculus” amene Isaac Newton ndi Gottfried Leibniz anawatulukira aliyense payekha, omwe Leibniz anawasindikiza mu 1684, ndipo madokotala amatchulabe timiyala ta mu impso ndi dzina lomweli. Choko cha mphunzitsi nachonso chinachokera ku “calx” podzera m'Chingerezi. Mawu oti masamu ndi a Chingerezi oti “sums”, ochokera ku “summa”, chapamwamba kwambiri, ndipo akatswiri ambiri a zinenero amafotokoza kuti n'chifukwa choti Aroma ankawonkhetsa kuchokera pansi kukwera m'mwamba, n'kulemba chiwonkhetso pamutu pa mndandanda. Nambala ndi “numerus”. Ngakhale kalendala ili m'banja la angongole, pakuti tsiku loyamba la mwezi linkatchedwa “Kalendae”, lomwe linali tsiku lolipira chiwongoladzanja, ndipo “calendarium” linali buku limene wokongoza ndalama ankalembamo amene ali naye ngongole.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chinandichititsa kutenga cholembera. Mneni wa Chifalansa chakale uja, “conter”, sankatanthauza kuwerenga zinthu kokha, ankatanthauzanso kusimba nkhani. Kwa nthawi yaitali anali mawu amodzi olembedwa mofanana, mpaka anthu ophunzira anawagawa pawiri m'kalembedwe, nabwezeretsa zilembo za Chilatini mu “compter”, kuwerenga, ndi kusiya “conter” kuti akhale kusimba. M'kamwa mawu awiriwa amamvekabe chimodzimodzi mpaka lero. Chisipanishi ndi Chipwitikizi sizinawagawe n'komwe, “contar” ndi kuwerenga ng'ombe komanso kukamba nthano. M'Chipwitikizi “conta” ndi akaunti, ndi pepala la zimene uyenera kulipira, komanso ndi mkanda wa pa kolona, poti wopemphera amawerengera mapemphero ake pa mikandayo, pomwe “conto” ndi nthano, komanso linali dzina la ndalama zokwana ma escudo 1,000 ku Portugal ndalama ya euro isanabwere. Chitaliyana chili ndi “conto”, amene Ajeremani anamubwereka nati “Konto”. Ndipo m'Chingerezi “account” ndi mawerengero a ndalama, ndi lipoti la mboni yofotokoza zimene inaona, ndi chifukwa chake cha chinthu, ndiponso kulemera kwa munthu pamaso pa anzake.

Izi sizinachitike m'zinenero zochokera ku Chilatini zokha. Ajeremani amati “zählen” powerenga ndi “erzählen” posimba. Wogwira ntchito pa kauntala ya banki amatchedwa “teller” m'Chingerezi chifukwa mneni woti “tell” kale ankatanthauzanso kuwerenga zinthu. M'Chiheberi muzu umodzi womwewo umabala mawu a kuwerenga zinthu, a kusimba, a mlembi ndi a buku. Ine ndimaona zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti ntchito ziwirizi n'zofanana m'kachitidwe kake, pakuti wowerenga ndi wosimba onse amatchula zinthu chimodzi pambuyo pa chinzake, mwa dongosolo lake, osadumpha ndiponso osabwereza, ndipo amene wadumpha dala chimodzi wanama, kaya ndi pa manambala kaya ndi pa nkhani. Chachiwiri n'chakuti kwa zaka mazana ambiri mawerengero a chuma ankaperekedwa pakamwa. Mawu oti “audit”, amene lero timawamva ngati ntchito ya akatswiri ofufuza mabuku mwakachetechete m'maofesi, anachokera ku “audire”, kumva ndi makutu, chifukwa wosunga chuma ankaimirira ndi kunena mokweza, ena n'kumamvetsera.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha nyumba ya chuma ya mafumu a ku England yotchedwa Exchequer, imene inayamba m'nthawi ya Henry I, amene analamulira kuyambira mu 1100 mpaka mu 1135. Kawiri pa chaka, pa nyengo ya Pasaka ndi kumapeto kwa September, akuluakulu otolera msonkho m'zigawo ankabwera kudzakhala patsogolo pa tebulo loyalidwa nsalu yojambulidwa timabokosi ngati bolodi la masewera a chess, ndipo dzina la nyumbayi linachokera ku nsalu imeneyi. Mlembi ankaika tizitsulo towerengera pa mizere ya nsaluyo, mbali ina zimene mkuluyo anayenera kubweretsa ndi mbali ina zimene wabweretsadi, kuti ngakhale munthu wosadziwa kulemba aone ndi maso ake pamene paperewera. Lisiti lake linali kamtengo kotemedwa mipata yosonyeza kuchuluka kwa ndalama, kenaka n'kung'ambidwa pakati m'litali, wolipira n'kutenga chibanthu chimodzi ndipo nyumba ya chuma n'kusunga chinacho, mwakuti panalibe amene akanawonjezera mpata payekha popanda kugwidwa pamene zibanthuzo zalumikizidwanso. Kamtengoka kankatchedwa “tally”, kuchokera ku “talea”, kanthambi kodulidwa, ndipo ndimachita chidwi kuona kuti mpeni wa wotengulira uja unabweranso m'nkhani ya mawerengero podzera khomo lina. Timitengoti tinagwirabe ntchito mpaka mu 1826, ndipo pa 16 October 1834, pamene antchito ankatentha milu ya timitengo takale m'ng'anjo za pansi pa nyumba ya malamulo ku Westminster, moto unapitirira ndi kupsereza gawo lalikulu la nyumbayo.

Mbali ina ya banjali inapita kutchalitchi. M'zaka zapakati dzina loti “computus” linkatanthauza makamaka luso lowerengera tsiku la Pasaka, limene limayendera mwezi komanso dzuwa, poti limagwa Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu wa pa 21 March kapena woyamba pambuyo pake. Mmonke Dionysius Exiguus, pokonza mndandanda wa masiku a Pasaka mu 525, ndiye anayambitsa kuwerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa Khristu, ndipo Bede wa ku England analemba buku lake lalikulu la mawerengero a nyengo mu 725. Dzina lomweli, lolembedwa “compotus”, linkatanthauzanso mpukutu umene kapitawo wa munda ankalembamo zolowa ndi zotuluka za chaka. Pamene mmonke wina wa chipani cha Francis Woyera, Luca Pacioli, anasindikiza ku Venice mu 1494 buku lake la masamu, gawo lofotokoza njira ya amalonda a mumzindawo yolemba chinthu chilichonse kawiri, kumanzere ndi kumanja, analitcha “de computis et scripturis”, za mawerengero ndi zolemba. Pacioli sanayambitse njirayi, anangoilemba mwadongosolo ndi kuifalitsa, koma ndi yomwe wophunzira aliyense wa ntchito yosunga mabuku amaphunzirabe. Mbali zake ziwiri nazo zili ndi maina a Chilatini: “debit” akuchokera ku “debere”, kukhala ndi ngongole, ndipo “credit” akuchokera ku “credere”, kukhulupirira. Mawu onse awiri akunena za ubale wa munthu ndi munthu, wina wokongola ndalama ndi wina wokhulupirira kuti adzabwezeredwa.

Kompyuta nayo poyamba anali munthu. Mawuwa amapezeka m'Chingerezi cholembedwa kuyambira mu 1613 akutanthauza munthu wowerengera, ndipo kwa zaka zoposa 300 linali dzina la ntchito, ya anthu amene ankakhala pa desiki tsiku lonse kuwerengetsera mayendedwe a nyenyezi ndi mindandanda ya amalinyero. Katherine Johnson, mayi wa ku America amene mu 1962 anatsimikizira ndi dzanja mawerengero a ulendo wa mumlengalenga wa John Glenn wozungulira dziko lapansi, analembedwa ntchito mu 1953 pa udindo wa dzina limeneli. Makina atatenga ntchitoyo anatenganso dzina. Afalansa sanafune kutero, ndipo mu 1955 anasankha mawu oti “ordinateur”, woika zinthu m'dongosolo, pomwe Ajeremani ali ndi mawu awoawo oti “Rechner”, wowerengera. Akaunti ya pa intaneti inabwera chifukwa makompyuta oyamba anali okwera mtengo kwambiri, ndipo aliyense wowagwiritsa ntchito ankalembedwa nthawi imene wathera kuti bungwe lake lilipire.

Ndiyenera kuchenjeza pa zinthu ziwiri, kuti ndisasocheretse achinyamata amene angakopeke ndi phunziro lotere. Choyamba, kufanana kwa mawu si umboni wa ubale. Mawu a Chingerezi oti “count” onena za mfumu yaing'ono ya ku Ulaya sachokera ku “computare” ayi, achokera ku “comes”, mnzake woyenda naye wa mfumu. Ngakhale anthu ophunzira akale anapunthwa pamenepa, pakuti anatenga dzina la “controller”, lochokera ku “contrarotulus”, mpukutu wachiwiri wotsimikizira woyamba, naliyesa la m'banja la “compter”, n'kuyamba kulilemba “comptroller”, ndipo kalembedwe kolakwikako kalipobe pa zitseko za maofesi ena. Chachiwiri, kumene mawu anachokera sikulamula tanthauzo lake la lero. Munthu amene akuti waika ndalama mu akaunti sakulakwitsa chilichonse, ndipo sindikupempha kuti mawuwa achotsedwe m'Chichewa. Akhazikika, ndipo pa ntchito ya kubanki ndi ya pa intaneti akukwanira.

Dandaulo langa lili pa zimene zinatsala kunja pamene tinkabwereka. Tinatenga kanthambi kamodzi, tanthauzo la kubanki, n'kusiya thunthu. Zotsatira zake zimaoneka pamene olemba nkhani anu akumana ndi mawu a Chingerezi a m'banja lomweli, monga “accounts”, “account for” ndi “accountability”. M'Chingerezi ubale wake umaonekera pa maso, kuti wosunga akaunti ndi yemwenso ayenera kuyankha za akauntiyo. M'Chichewa cha m'nyuzipepala ubalewu umaduka. Pena mawuwo amasiyidwa m'Chingerezi momwemo, pena amamasuliridwa ndi mawu ofewa monga kuchita zinthu poyera kapena kukhala wokhulupirika. Mawu amenewa ndi abwino, koma akunena za khalidwe la munthu, pomwe mawu oyambirira akunena za ngongole imene mwini chuma ali ndi mphamvu yoilonjerera. Munthu angathe kulonjeza kukhulupirika chaka ndi chaka popanda kuonetsa nambala imodzi. Kapitawo wa Cato sankafunsidwa ngati ali wokhulupirika, ankafunsidwa masiku angati, antchito angati, mitsuko ingati.

Chonsecho Chichewa sichosauka pa nkhaniyi, ndipo ndinganene kuti chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Mneni wathu woti kuwerenga anayenda ulendo wofanana kwambiri ndi wa “computare”. Timawerenga mbuzi ndipo timawerenga kalata, ndipo tanthauzo lachiwirili linamera pa loyamba, monga zililinso m'Chisutu ndi m'Chitswana momwe mneni woti “bala” amagwira ntchito zonse ziwiri. Kuwerenga kalata ndi kutchula zilembo ndi mawu chimodzichimodzi mwa dongosolo lake, osadumpha. Pa tsinde lomweli pali kuwerengera, kuwerengetsa, kuwerengetsera, chiwerengero ndi mawerengero. Tikati anthu owerengeka timanena ochepa, ndipo tikati osawerengeka timanena ochuluka zedi. Tikati uje sandiwerengera, timadandaula kuti sationa ngati munthu, tanthauzo lomwe lija la “reputare”. Tikati anachita osawerengera za mawa, kuwerengera kwasanduka kulingalira, monga zinachitikira ndi “putare” ndi “ratio”. Ndipo tikamuuza munthu kuti undiwerengere za ndalama zimene ndinakusungitsa, m'mneni mmodzi tanena zonse zimene Mroma ankanena ndi “rationem reddere”, pakuti kachigawo kakumapeto ka mneniyo kakusonyeza kale kuti kuwerengako kukuchitikira munthu wina amene wakhala pamenepo kumvetsera.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi kwa olemba nkhani anu, n'lakuti mawu oti akaunti muwasiyire banki, foni ndi intaneti, koma pamene nkhani ikunena za mabuku a chuma cha bungwe, mulembe kuti mawerengero a chuma, ndipo pamene ikunena za udindo wa wosunga za anthu ena, mulembe kuti ayenera kuwawerengera eni ake za chumacho, kutchula amene akuwerengera ndi amene akuwerengeredwa. Ofufuza mabuku muwatchule kuti otsimikiza mawerengero, popeza ntchito yawo ndi yomweyo ya kulumikiza zibanthu ziwiri za kamtengo kaja. Ndingakondwenso mutapatula kadanga kamodzi pa sabata kofotokoza chiyambi cha mawu amene tinabwereka, ndipo aphunzitsi a Chichewa amene angaone kuti pena ndaphonya, kapena amene ali ndi mawu abwino kuposa amene ndaperekawa, alembe pa tsamba lomwe lino kuti tikambirane.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu, amene kale ankasunga mabuku a ndalama